Musanamate tayala, yambani mwaliona m'kati

Ana anga a kuno ku Muloza, ndi inu nonse amene mumapezera chakudya pa msewu uwu wa M2, kuchokera pa Chitakale, kudutsa pa Limbuli, mpaka pa chipata cholowera ku Milange, khalani pansi pang'ono ndikuuzeni za matayala. Ena mwa inu mwangoyamba kumene kuyendetsa ma Sienta ndi maminibasi a eni ake. Ena mwagula kagalimoto kanukanu mutagulitsa chimanga ndi nandolo kwa zaka zingapo. Enanso mwamanga kachisakasa m'mbali mwa msewu, mwaikamo kompuresa, beseni la madzi ndi zitsulo zokanulira, ndipo mwaimika tayala lakutha panja kuti odutsa adziwe kuti pano amamata. Ine ndakalambira pa chiwongolero, ndipo ndikulankhula nanu nonse pamodzi, chifukwa tayala lomwe mmodzi wamata ndi lomwe mnzake akwezerepo anthu.

Kuno matayala sachedwa kubooka, ndipo si nkhani ya tsoka ayi. Pa msika wa Limbuli katundu amatsitsidwa ndi kukwezedwa kosalekeza. Misomali ya m'mabokosi, timawaya ndi tizitsulo tothothoka ku njinga zimatsalira m'dothi. Misewu yolowa m'minda ya tiyi ndi yopita kumidzi ya m'munsi mwa phiri ndi ya miyala yosongoka. Mvula ya kuno nonse mukuidziwa: ikagwa, dzenje lililonse limadzaza madzi mpaka m'milomo, dalaivala osadziwa kuya kwake kufikira limu litagunda m'mphepete mwa tala. Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anakokolola milatho, kudya misewu ndi kutsitsa miyala ya m'phiri m'boma lathu lino. Pamwamba pa zonsezi timasenzetsa galimoto katundu wopitirira muyeso. Choncho aliyense woyendetsa galimoto kuno adzamatitsa tayala ndithu, kaya lero kaya mawa.

Ndipo kumatitsa si kulakwa. Ndayamba ndanena izi kuti musaganize kuti ndikufuna muzigula tayala latsopano msomali ukangolasa. Ndalama yake ichokera kuti? Mitengo ya labala timalima ndithu ku Vizara, ku Nkhata Bay, koma matayala atsopano a galimoto timachita kuitanitsa kunja, ndipo amafuna ndalama zakunja. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wakunja inakwera, matayala omwe. Ndalama ya tayala limodzi latsopano ingamatitse matayala ambirimbiri. Ndipo tayala lomatidwa bwino, pa malo oyenera, limayenda mpaka mano ake kutha osavutanso. Kulitaya chifukwa cha msomali umodzi n'kuwononga chuma. Chondidetsa nkhawa ine ndi mabowo amene sayenera kumatidwa n'komwe, ndi kamatidwe kothamangira kamene kafala masiku ano.

Pitani kwa anzathu osoka nkhwayira, mukapemphe chidutswa cha tayala lodulidwa pakati, muchiyang'anitsitse podulidwapo. Mbali yoponda pansi, ya mano ija, ndi yochindikala, ndipo pansi pa manowo pali malamba a timawaya tachitsulo togonekedwa mopingasana. Mbali imeneyi ndi yolimba, sipindika kwenikweni. Koma khoma la m'mbali, lija lolembedwa dzina ndi manambala, ndi lopyapyala. Mulibe malamba achitsulo, muli ulusi wokutidwa ndi labala basi. Analipanga dala lofewa kuti lizipindika. Tayala likamazungulira, gawo limene lafika pansi limaphwatalala ndi kulemera kwa galimoto, kenako n'kuwongokanso. Tayala la galimoto yaing'ono limazungulira koposa ka 500 pa kilomita imodzi. Kuchoka pano kukafika pa Boma, mtunda wa makilomita pafupifupi 30, khomalo limakhala litapindika ndi kuwongoka koposa ka 15,000. Ndi chigamba chanji chingapirire zimenezo ulendo ndi ulendo, galimoto itadzaza anthu ndi matumba, tala atapsa ndi dzuwa la Okutobala? Chomaliza choti muone pa chidutswacho ndi kachikopa kosalala ka m'kati mwenimweni. Kameneko ndi kamene kamasunga mpweya m'malo mwa chubu.

N'chifukwa chake akatswiri anaika malire. Ku Britain malirewo analembedwa m'muyeso wotchedwa BS AU 159, ndipo makampani opanga matayala ku America amanena zofanana nazo. Pa galimoto yaing'ono, bowo lomatika ndi lomwe lili pa mbali yoponda pansi, chapakati, ndipo kukula kwake kusapitirire mamilimita 6. Mamilimita 6 ndi ochepa, sakwana n'komwe kunenepa kwa pensulo. Bowo la paphewa, pamene mano akuthera n'kuyamba kutsikira kukhoma, silimatidwa. La pakhoma penipeni, lichepe bwanji, silimatidwa. Chimodzimodzinso tayala long'ambidwa ndi mwala, lomwe mawaya ayamba kuoneka, kapena lomwe latuluka chotupa m'mbali. Chotupa chija ambiri amachiderera, amati chakhalapo kalekale ndipo sichikula. Chotupa chikaoneka ndiye kuti ulusi wa m'kati waduka kale, chimene chikugwira mpweya pamalopo ndi khungu la labala lokha. Musati malamulowa ndi a misewu ya azungu. Misewu yathu ndi yoipirapo ndipo katundu wathu ndi wolemererapo, ndiye oyenera kuwasunga kwambiri ndi ifeyo.

Tsopano tikambe za kachingwe. Galimoto ikafika ndi msomali, mnyamata amathira madzi a sopo, n'kupeza pamene pakutuluka thovu. Amazula msomali ndi pulayala, kulowetsa chitsulo chokhakhala kuti bowo likule, kukankhiramo kachingwe konanda kaja, n'kudula nsonga yotsala. Tayala silinachoke n'komwe pa galimoto. Mphindi zochepa, mtengo wotsika, apaulendo sanatsike. N'zosadabwitsa kuti njirayi yafala. Kachingweko ndimakalemekeza pa ntchito imodzi, yokutulutsani m'tchire. Tayala likakubookerani usiku pakati pa Milange ndi Mocuba, mtunda wa makilomita pafupifupi 200, kachingwe ndi pampu ya phazi zidzakufikitsani kwa anthu. Koma mukafika kwa anthuko, tayalalo litsike pa limu.

Womata ndi kachingwe amagwira ntchito mumdima. Waona pamene msomali walowera, koma zimene wachita m'kati sanazione. Msomali wautali wolowa chopendekera umatha kukanda khoma la m'kati nthawi yonse imene galimoto inali kuyenda. Komanso kachingwe kokha sikatseka bwino kachikopa ka m'kati kaja, ndiye mpweya umapeza njira n'kumalowa pang'onopang'ono pakati pa labala ndi mawaya. Chigamba chokha cha m'kati nacho chili ndi vuto lake: chimasunga mpweya, koma bowo limatsala pululu chakunja, madzi ndi matope n'kumalowamo, ndipo kuno madzi sasowa. Timawaya tija timachita dzimbiri momwe diso silifika, labala n'kuyamba kusiyana ndi chitsulo. Papita miyezi, dalaivala waiwala zoti anamatitsapo. Tsiku lina ali pa liwiro, mano onse a tayala amasendeka ngati khungwa la mtengo, ndipo anthu amati ngozi yangogwa mwadzidzidzi, ena mpaka kuyamba kuloza zala achibale. Chonsecho ngoziyo inayamba tsiku lomata lija.

Chimene chimawononga matayala ambiri kuposa msomali ndi kuyenda nalo litaphwa. Dalaivala wamva ali cha pa Mimosa kuti galimoto ikukokera mbali imodzi, koma akuti, "Ndikaonera pa Limbuli." Akafika, womata apeza msomali, amata, apopa, ndipo tayala laima bwinobwino. Koma litsitseni pa limu mulowetsemo dzanja. Mudzatapa ufa wakuda wa labala, nthawi zina wodzaza chikhatho, ndipo mukaunika ndi tochi ya foni mudzaona mzere wokwinyika wozungulira khoma lonse, pamene limu linkatafuna labala ndi kulemera kwa galimoto yonse. Kunja nakonso kumakhala mzere wothimbirira wozungulira. Tayala limenelo latha, ngakhale mano ake akhale atsopano. Msomali unali pa malo abwino, womatika ndi ndalama yochepa, koma makilomita ochepa aja adya tayala lathunthu. Mukangomva kuti laphwa, patukani pamene pali malo, imani, musinthe.

Kamatidwe koyenera kamatenga nthawi, ndipo ndikufuna mukadziwe ngakhale inu amene simumata, kuti muzitha kuona ngati ndalama yanu yagwira ntchito. Womata amalemba ndi choko pamene pali msomali, n'kutsitsa tayala pa limu. Amaliyang'ana m'kati monse, kuzungulira, ndi diso ndi dzanja lomwe. Akakhutira kuti khoma lili bwino, amazula msomali n'kuyeretsa bowo motsata njira imene msomaliwo unalowera. Kenako amapala m'kati mozungulira bowolo, mopepuka, kuti pakhakhale koma osafika pa ulusi, n'kuchotsa fumbi lonse. Amapaka guluu wake wa matayala, osati wa nsapato, n'kudikira kuti aume yekha. Apa ndi pamene ambiri mtima umawathawa: amayatsa machesi pa guluuyo kuti aume msanga, n'kumuwotchera mphamvu. Chigamba chabwino ndi chija chokhala ndi mchira pakati. Mchirawo amaulowetsa m'bowo kuchokera m'kati n'kuukokera kunja kuti utseke njira ya madzi, pomwe mutu wake wotambalala umamatirira m'kati n'kutseka mpweya. Zamchira zikasowa, bowo litsekedwe kaye ndi labala, ndiyeno chigamba chibwere pamwamba pake m'kati. Amachitsindira ndi kagudumu, kuyambira pakati kupita m'mphepete, kuti pansi pake pasatsale mpweya, n'kudula chotsala kunja. Akabwezera pa limu ndi kupopa, amaviika m'madzi kapena kuthira sopo pa bowo, pa valavu, ndi mozungulira milomo yonse ya limu.

Inde, mtengo wake umaposa wa kachingwe, ndipo apaulendo adzadandaula kuti akuchedwa. Apepeseni, koma ntchito ithe bwino. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kusiyana kwa mitengo iwiriyi sikufika ngakhale pa ndalama ya mafuta a ulendo umodzi wa ku Limbe.

Ndikudziwa kuti alipo amisiri amene amati palibe tayala losamatika. Amadula chibenthu cha tayala lina n'kuchiika m'kati mwa khoma long'ambika, ena amasoka ndi waya, ena amawotcherapo labala ndi chitsulo chamoto, kenako n'kuikamo chubu. Luso ali nalo, ndipo anawaphunzitsa ndi umphawi, sindikuwanyoza. Tayala lotere lingagwire ntchito pa ngolo kwa zaka, kapena lipite kwa osoka nkhwayira likapindulitse wina. Matayala akuluakulu a malole ndi mathalakitala ali ndi makampani ake okhala ndi makina okonzera zilonda zazikulu. Koma pa Sienta yothamanga ndi ana a eni ake, ayi. Chubu nacho sichichiza khoma lodwala. M'kati mwa tayala lopangidwa kuti liziyenda lopanda chubu muli timizere, ndipo chubu chimakhuzana nato n'kumatentha. Ubwino wa tayala lopanda chubu ndi wakuti msomali ukalowa umatsekera wokha bowo lake, mpweya n'kumatuluka pang'onopang'ono, dalaivala n'kupeza mpata woima. Chubu chikabooka, mpweya wonse umathawira pa bowo la valavu nthawi imodzi, ndipo mpata umenewo supezeka.

Pali mawu ena amene ndimawamva pa siteji: "Lokayikitsalo liike kumbuyo." Maganizo ake ndi akuti lakutsogolo likaphulika chiwongolero chimalandidwa m'manja, ndipo zimenezo n'zoona. Koma lakumbuyo likaphulika pa liwiro, kapena likaterereka pa tala wonyowa, kumbuyo kwa galimoto kumathawira kumbali, ndipo kumbuyoko kulibe chiwongolero choti mubweze nacho. Galimoto yaitali msinkhu monga minibasi, itadzaza, imagubuduzika pomwepo. N'chifukwa chake opanga matayala amalangiza kuti pa galimoto yaing'ono, mukagula awiri okha atsopano, apite kumbuyo. Tayala lokayikitsa lilibe malo pa galimoto, ngakhale pa sipeya, pakuti sipeya mumaifuna tsiku loipa muli pa malo oipa. Ndipo likadzaphulika muli pa liwiro, phazi lisathamangire pa buleki. Gwirani chiwongolero ndi manja awiri, galimoto iloze kutsogolo, chotsani phazi pa moto pang'onopang'ono, liwiro lichepe lokha, ndiyeno muponde buleki mofatsa n'kupatuka.

Tayala likakanidwa, ambiri timathamangira a kaunjika, pakuti ndi amene thumba limakwanitsa. Pakati pawo abwino alipo, koma muzigula maso ali otsegula. Pakhoma la tayala pamakhala mzere wa zilembo, kawirikawiri woyamba ndi DOT, umene umathera ndi manambala 4. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene tayalalo linapangidwa. Mukaona 2318, ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Labala amakalamba ngakhale tayala litangokhala m'nyumba. A Michelin, amene akhala akupanga matayala kuyambira m'zaka za m'ma 1890, amalangiza kuti tayala likagwira ntchito zaka 5 liziyang'anidwa ndi mmisiri chaka chilichonse, ndipo likakwana zaka 10 chipangidwireni lichotsedwe, ngakhale mano akuoneka abwino. Pindani khoma ndi dzanja muone ngati likuonetsa ming'alu. Suzumirani m'kati muwerenge zigamba. M'ngalande za pakati pa mano muli timizere todutsa tokwera mamilimita 1.6, mano akalingana nato, tayala latha. Mukapeza tayala lokalamba koma ngalande zake n'zakuya, m'mphepete mwake mwakuthwa, timizere tija tasowa, dziwani kuti wina walisema ndi mpeni wamoto kuti lioneke latsopano. Kusema kumaloledwa pa matayala ena a galimoto zikuluzikulu okha, olembedwa pakhoma kuti REGROOVABLE. Pa galimoto yaing'ono, wosemayo wadya labala woteteza mawaya. Palinso matayala obwera ndi galimoto za ku Japan olembedwa kuti STUDLESS, a labala wofewa wopangidwira nyengo ya chisanu choundana madzi. Pa kutentha kwa kuno amatha msanga, ndipo pa tala wonyowa amachedwa kuima. Wogulitsa akamakana kuti muliyang'ane m'kati, musachite naye manyazi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tiyeni tiwerengere mtengo weniweni, chifukwa apa ndi pamene achinyamata mumasochera. Mumangowerenga ndalama yotuluka m'thumba lero. Tayala long'ambika khoma limene mwamatitsa lidzaphwanso. Mudzalipira kachiwiri, kachitatu, ndipo nthawi iliyonse mwataya ulendo, apaulendo mwawapereka kwa mnzanu, tageti ya bwana ili pomwepo. Kumeneko n'kupulumuka. Likaphulika limapinda limu ndi kuthyola zam'munsi mwa galimoto. Ndipo msewu wathuwu si wa galimoto zokha. M'mbali mwake mumayenda amayi olawirira kothyola tiyi, ana a sukulu, a kabaza, ndi anyamata okankha njinga zosenza matumba a chimanga kuchokera kutsidya. Galimoto ikalandidwa chiwongolero pano, imagwera pa anthu. Wovulala kwambiri amathamangira naye ku chipatala chachikulu pa Boma, ndipo wovulala m'mutu kapena wothyoka msana amapitirira naye ku Queens, ku Blantyre, mtunda wonsewo magazi akutayika. Kutsogolo kwake kuli apolisi, khoti, maliro, ndi maso a anthu amene mumapemphera nawo limodzi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni chaka chilichonse, ndipo palibe china chikupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 kuposa ngozi zimenezi. Ndi msinkhu wanu womwewu, ana anga. Musadalirenso pepala la COF. Limanena za tsiku limene galimoto inayesedwa, za msomali wa dzulo silidziwa.

Inu omata matayala, ntchito yanu ndi yolemekezeka, koma ili ndi imfa zakezake zimene anzanu sakuuzani. Tayala likakana kukhala pa limu, musathiremo petulo n'kuponyamo machesi. Ndaona anyamata akuchita zimenezi anzawo akuombera m'manja. Moto umenewo suyezeka. Umatha kudula mkombero wa tayala kapena kuliponyera kumaso kwanu. Pakani madzi a sopo m'milomo ya tayala, limangeni lamba pamimba, lidzakhala. Popopa kuti likhale musapitirire 40 psi. Likakana, phwetsani muyambirenso. Limu losweka lisawotcheredwe tayala lili pomwepo, ngakhale mutaphwetsa mpweya. Kutentha kumayambitsa moto m'kati mwa labala, mphamvu n'kumakwera mosaoneka, ndipo limatha kuphulika wowotcherera atazimitsa kale makina. Oopsa koposa ndi matayala a malole, amene pano pa chipata sasowa. Amapopedwa kupitirira 100 psi, kuwirikiza katatu a galimoto yaing'ono. Ena akale ali ndi limu la zidutswa, lotsekedwa ndi mkombero wachitsulo, ndipo mkomberowo ukakhala molakwika umauluka ndi mphamvu yopha munthu pomwepo. Kumene malamulo a pantchito ndi okhwima, tayala lotere amalipopera m'khola lachitsulo. Ngati khola mulibe, limangeni ndi tcheni, mkombero uloze kuchipupa, paipi ikhale yaitali, inu muime chakumbali ya mano osati moyang'anizana nalo. Osalikhalira, osaliweramira, ndipo ana ochezera pa chisakasa chanu muwachotse. Mpata wophunzira ntchitoyi mwadongosolo ukapezeka, kaya kudzera ku TEVETA kaya kwa mmisiri wamkulu, musaukane.

Koma chimene ndikupempha kwambiri kwa inu ndi mtima wokana. Adzabwera bambo wamkulu, mwina wa msinkhu wanga, ndi tayala lobooka pakhoma, n'kunena kuti, "Iwe tangomata, galimoto ndi yanga." Inu muli ndi njala, chiyambire m'mawa simunagwire kanthu, ndipo mukudziwa kuti mukakana apita kwa mnzanu wa tsidya la msewu. Ayankheni mwaulemu: "Pepani bambo, ili silimatika. Tabwerani muone nokha." Alowetseni dzanja m'kati akhudze okha. Ena adzakwiya n'kuchoka, ndipo ndalama ya tsikulo mudzakhala mutaitaya ndithu; sindingakunamizeni kuti idzabwerera mawa lake. Koma galimotoyo si ya bambowo okha. Mawa mlongo wanu adzakwera yomweyo popita ku sikelo. Ndipo omata nonse a pa Limbuli ndi pa Muloza mutagwirizana chimodzi, kuti tayala lobooka pakhoma pano silimatidwa, wokanidwayo angasowe kolowera, n'kugula lina.

Za posintha tayala panjira ndinene mwachidule. Anthu onse atsike, akaime kutali ndi msewu, osati kumbuyo kwa galimoto. Mathirayango aikeni patali ndithu, kutsogolo ndi kumbuyo, makamaka ngati mwaima pokhota. Mukayala nthambi, muzichotse pochoka. Ikani giya ndi buleki ya dzanja, tchingani magudumu ndi miyala, masulani manati pang'ono tayala lisananyamuke. Jeke iponde pa thabwa kapena pa mwala wafulati, chifukwa dothi la kuno likanyowa limatitimira, ndipo pansi pa galimoto yoimira jeke yokha musalowetse mutu ngakhale mwendo. Pomanga manati muzidumphitsa, ili kenako loyang'anizana nalo. Paipi yaitali ija yolowetsa pa sipanala n'kumaidumphira muisiye, imatamula mabawuti, ndipo bawuti yotamuka imadukira panjira. Mukayenda makilomita ngati 50, manatiwo muwayesenso. Kasipeya kakang'ono kobwera ndi galimoto za ku Japan sikayenera kupitirira makilomita 80 pa ola, ndipo n'kongofikira nako kwa womata.

Chotsika mtengo pa zonse ndi mpweya. Muyeso wake walembedwa pa kapepala komatidwa pa felemu la chitseko cha dalaivala. Kumenya tayala ndi phazi si kuyeza. Gulani geji yanuyanu, muziyeza m'mawa matayala asanatenthe, sipeya yomwe. Tayala lochepa mpweya limapindika mopitirira, limatentha, limadyetsa mafuta, ndipo likagunda dzenje limatsinidwa ndi limu. Zotupa zambiri zimabadwira pamenepo. Mukaona kuti limodzi likufuna kuwonjezeredwa sabata iliyonse, ndiye kuti lili ndi msomali kapena valavu yatha. Musamangopopa, lipititseni likaonedwe.

Kwatsala inu eni galimoto, pakuti ena mwa inu ndinu achinyamata omwewa amene Mulungu wakudalitsani msanga. Dalaivala amene akuyenda pa tayala lotupa amaliona ndithu. Amangoopa kuti akanena mumudula malipiro kapena kumulanda makiyi. Pa ndalama imene amakubweretserani madzulo muzipatulapo ya matayala tsiku lililonse, monga mumachitira ndi ya mafuta ndi ya inshuwalansi, kuti tsiku la bowo losamatika lisakupezeni muli opanda kanthu. Ndipo mwanayo akakuimbirani foni ali pa Limbuli kuti womata walikana tayala, musamuuze kuti ingoyenda nalo lero lokha. Mutumizireni ndalama ya lina, apo ayi muuzeni aimike galimoto.